Bala ya Rozina yopanda mowa

Lolemba
Rozina, mwana wanga amene amakongoletsa nyumba za anthu ku Lilongwe, waimba foni. Ati kuli chionetsero cha anthu a ntchito yakeyo, ndiye iye akufuna akaikeko bala ya nyengo yokolola. Bala yongoonera, yopanda mowa. Ndafunsa kawiri. Ati eya, yopanda mowa.
"Ababa, mundisonkhanitsire zinthu zakale za kumudzi. Dzina lanu ndikalemba pachikwangwani."
Dzina langa ku Lilongwe!
Zofunika: tebulo lalitali, benchi, mitondo iwiri, zipanda, malichero, mapesi, maungu. Galimoto ibwera Loweruka.

Lachiwiri
Ndayala zonse pabwalo. Manyazi! Mtondo wong'aluka, zipanda zakuda ndi mwaye, lichero lobooka pakati. Anthu a m'tauni aziti kwa Mphunzi kulibe amuna? Izi sizingapite ndi dzina langa. Ndikukwecha zipanda ndi mchenga, pang'onopang'ono.

Lachitatu
Mitondo ndaipala mpaka yayera mbee. Penti wabuluu amene anatsala pa mawindo ndamupeza. Ndikupaka tebulo, benchi, mitondo. Zipanda nazo pang'ono, m'milomo mokha.
Mayi akunyumba ati, "Mwana anati zakale."
Zakale ndi zomwezi. Ine ndangozisambitsa.

Lachinayi
Chifunga kuyambira m'mawa, penti sakuuma. Komabe bala ndaiimika pansi pa mtengo wa mapichesi kuti ndione maonekedwe. Mapesi kumbuyo, maungu kutsogolo. Yakongola ndithu!
Masana ndikuchokera kudimba, ndapeza aFiliyasi oyandikana nafe ndi anzawo atatu atakhala pabenchi, zipanda kumanja. Ndawauza kuti mowa mulibe.
"Palibe kanthu achimwene, tidikira upse."
Adikira mpaka mthunzi wasuntha. Anyamuka ndi buluu kumatako onse anayi.

Lachisanu
Nkhani yafika kwa akatekisi. Abwera pa njinga.
"Inu, mkulu wa mphakati, kutsegula bala?"
Ndafotokoza modekha kuti ndi yongoonera. Anunkhiza zipanda chimodzichimodzi. Akhulupirira, koma osati kwambiri.
Mphepo yagwetsa mapesi. Maungu atsala atatu, ena mayi aphika. Ati samadziwa kuti dzungu limakhalanso pa ntchito.

Loweruka
Rozina wafika. Wayang'ana bala. Wagwira pakamwa.
"Ababa... mwapenta?"
Ndati eya, kawiri.
Kenaka wazungulira kuseri kwa nyumba yekhayekha. Zimene wakweza m'galimoto:
chitseko cha khola la mbuzi, ati ndiye tebulo,
phale lomwera nkhuku,
makasu awiri otha,
mtondo wofumbwa umene tinataya kudzala.
"Izi ndiye zenizeni, ababa!"
Zanga zabuluu sanatengeko ngakhale chimodzi. Ndamupempha kuti ndiye dzina langa alichotse. Ati chikwangwani anasindikiza kale, zilembo zikuluzikulu.

Lamlungu
Kuzizira. Ku Misa ndakhala kumbuyo.
Rozina watumiza chithunzi pa foni ya mayi ake. Anthu ovala masuti atsamira chitseko cha mbuzi zanga, wina akuchisisita ndi dzanja. Pamwamba pake dzina langa, lonse, ndi la bambo anga lomwe.
Ati anthu akufunsa ngati ndili nazo zina zotere. Ndati auze kuti mmisiriyo anapuma ntchito.
Khola lilibe chitseko. Ndatsekapo ndi tebulo labuluu lija. Lakwana bwinobwino, ngati ndinachita kuyeza.