Nsomba Yanga mu Mbiya ya Apongozi

Mukadzamva munthu akunena kuti nsomba ndi kanyama kofatsa, mudzamutumize kwa ine. Ineyo nsomba inatsala pang'ono kundithetsera banja, masanasana, mudzi wonse ukuonerera.

Zinali m'zaka za chitaganya, nditangolowa chikamwini kwa Mwambo, kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Ndisanakwatire ndinkathirira maluwa panyumba ya mzungu wina ku Zomba. Pakhonde pake panali bokosi lagalasi lodzaza madzi, ndipo m'menemo ankasungamo nsomba zamoyo. Osati zodya ayi, zongoyang'ana. Wosintha madziwo ndinali ine, moti ndinachokako ndikudzimva kuti nsomba ndimazidziwa kuposa asodzi (asodzi amangodziwa kupha, ndinkatero mumtima).

Kumudzi kwa mkazi wanga Esinati, mkamwini wazibwana sankamunyengerera. Ankamupindira mkeka wake n'kumulozera njira yakwawo. Malume ake a Esinati, a Namakhwa, anandiuza mosabisa nditangofika: "Akamwini, kuno timafuna mpunga m'nkhokwe, osati nkhani za ku Zomba." Ndinavomera mwaulemu ndithu. Kenaka ndinakwera njinga kukafuna mgolo.

Ndinapeza wodula pakati ku Songani. Ndinauika kuseri kwa nyumba, n'kuyalamo mchenga, n'kuthiramo madzi. Kudooko asodzi anandipatsa matemba amoyo, tiana ta milamba, ndi makumba angapo (nsomba zonga chambo) ongowachotsa m'mono. Zonsezo ndinaziponya mumgolo umodzi.

Esinati anasuzumira n'kufunsa, "Kodi bambo, ndiwozi mukusungira alendo ati?"

"Si ndiwo izi. N'zoyang'ana."

"Zoyang'ana? Nanga nyanja yonseyi mwamaliza kuiyang'ana?"

Poyamba munali mtendere. Koma mvula itagwa, nsomba yaikulu mwa makumba aja inasintha. Inada bii, zipsepse n'kufiira m'mphepete, ndipo inakumba dzenje pakati pa mchenga ndi kamwa lake. Yodutsa pafupi ndi dzenjelo inkaona zakuda. Ndinaitcha Kapitawo, chifukwa ntchito yake inali kuthamangitsa anzake kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Matemba anayamba kuyandama chagada. Esinati ankangowatola n'kukawayanika padzuwa.

Mtima wanga sunakhalenso m'malo. Ndinakumbuka kuti kwa mzungu kuja tinkaika miyala kuti zofooka zizibisala, ndiye ndinaunjikamo miyala ndi mapale. Kapitawo anayendera zonsezo n'kuzitenga kukhala zake. Ndinaganiza zomubweretsera mnzake wamsinkhu wake kuti amuphunzitse ulemu (nzeru imeneyi musadzaibwereke). Awiriwo analumana pakamwa n'kumakankhana ngati atonde, madzi kuthovokera panja, ndipo akapumira pang'ono ankagwirizana zomenya tinsomba ting'onoting'ono. M'malo mwa kapitawo mmodzi ndinali ndi awiri.

Basi ndinayamba kuwapatula. Wobwerayo ndinamusiya mumgolo, Kapitawo ndinamuika mundowa, milamba mubeseni, matemba otsala mumtsuko wa madzi akumwa. Esinati ankachita kusuzumira kaye asanatunge. Imeneyo inali nyengo yowokera mpunga, koma ine kudambo sindinkakhazikika. Ndikawokera pang'ono, ndinkaona ngati ndamva kuphiriphitha kunyumba, n'kuliyatsa liwiro.

"Akamwini, m'mimba mwavuta kodi?" a Namakhwa anandifunsa tsiku lina, maso ali pamapazi anga.

"Pang'ono chabe, bambo."

"Muchire msanga. Dambo silidikira munthu, ifenso sitidikira."

Ndinamva bwinobwino chimene ankatanthauza, ndipo ndinachita mantha. Koma nditafika kunyumba ndinapeza Kapitawo atalumpha mundowa, akugubuduka pafumbi, nkhuku zitamuzungulira kale. Anafunika chiwiya chakuya, chakukamwa kochepa. Pamudzi ponse chinalipo chimodzi chokha: mbiya yaikulu ya apongozi anga aakazi, imene mayi awo anachita kuisenza pamutu pochokera kwa Apwitikizi. Inkakhala kuseri kwa nyumba yawo, pamiyala, ndipo anali ataidzaza madzi okonzera thobwa la anthu odzathandiza kuwokera.

Inu a masiku ano mumadyera mbale imodzi ndi apongozi anu, mwina simumvetsa. Nthawi imeneyo mkamwini ndi apongozi aakazi sankayankhulana, sankayang'anana n'komwe. Mukakumana panjira, wina ankapatukira kutchire mpaka mnzake adutse. Kubwereka mbiyayo ndekha kunali kosatheka, ndiye ndinatuma Esinati.

"Ndikawauze amayi kuti nsomba ikufuna kugona m'mbiya mwawo? Mundiphe kaye, bambo."

Ndinadikira kuti onse apite kudambo, n'kukamuponyamo Kapitawo ndekha. Ndinadziuza kuti mawa lake ndimuchotsa, palibe adziwe.

Mawa lakelo dzuwa lili pamutu ndinazembanso kudambo. Ndinapisa mkono m'mbiyamo mpaka paphewa, kufufuza. Kapitawo anali atakhazikika kale ngati kwawo. Nditamukhudza anatukumula minga ya pamsana n'kundibaya pachikhatho. Ndinasolola mkono mwamphamvu, mbiya n'kutsetsereka pamwala, n'kuyamba kupendekera kwa ine. Ndinaikumbatira ndi manja onse, ndinagwa chokhala m'matope, iyo n'kundikhala pachifuwa, madzi akukhuthukira m'malaya. Kuidzutsa sindikanatha. Kuisiya, pansi pake panali mwala ukuidikira.

Pamenepo ndinamva mapazi. Kutukula maso, apongozi, dengu la chimera lili pamutu. Tinayang'anana maso ndi maso. (Ndinazindikira tsiku limenelo kuti anali ndi mphini m'masaya. Miyezi yonseyo ndinkangowadziwa kumsana.)

Mwambo unkati ndithawe. Miyendo nayo inkafuna kuthawa. Koma ndikathawa mbiya isweka, ndipo ikasweka ndiye kuti mkeka wanga wapindidwa. Ndinangotsinzina n'kuigwiritsitsa, manyazi akundiotcha nkhope.

Apongozi anatula dengu pang'onopang'ono, anandifulatira, n'kuyang'ana thadzi limene linkapalasa pafupi.

"Nkhuku iwe," anatero, "kodi m'mbiya mwanga muli chiyani?"

Ndinalibe kuchitira mwina. Nanenso ndinayang'ana thadzi lija. "Uwauze kuti muli nsomba. Imodzi yokha."

"Umufunse kuti yalowamo bwanji."

"Uwauze kuti imamenya zinzake."

Ndinaona mapewa awo akugwedezeka, osadziwa ngati akulira kapena akuseka.

"Nkhuku iwe, umuuze asaisiye mbiyayo. Akaisiya, wasiyanso mwana wanga."

Atatero anafuula kuitana Esinati. Mudziwa inu, kufuula kwa mayi kumudzi sikubweretsa munthu mmodzi. Dambo lonse linabwera, matope ali m'miyendo, ena mbande za mpunga zili m'manja. Anandipeza ndili chikhalire, manja atachita dzanzi, nyerere zikundikwera m'kabudula. Ngati kuti zimenezo zachepa, Kapitawo anatuluka ndi madzi otsala, anandimenya mchira pachibwano, n'kugwera pamapazi pa a Namakhwa. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Esinati yekha sanaseke, anangophimba kumaso ndi chitenje.

Amuna ananyamula mbiya n'kuibwezera pamiyala. A Namakhwa anaizungulira, akuigogoda ndi chala, kumvetsera ngati yang'aluka. Inalira bwino.

"Mbiya yapulumuka," anatero, "koma mkamwini wothawa kudambo kukalera nsomba timusungirenji, achemwali? Ine ndikuti azipita."

Ndinayang'ana pansi. Ndinkaona kale njira ya kwathu, ndi mmene ndikafotokozere abale anga kuti ukwati wandithera pa makumba.

Apongozi anayankha akuyang'ana mlongo wawoyo, ine atandifulatirabe. "Mutu alibe, achimwene, zimenezo taziona tonse. Koma anandiona ine, osathawa, osasiya mbiya. Munthu wosataya chimene wagwira ndi amene ndikumufunira mwana wanga. Akhale. Nsombazo zilowe mumphika lero lomwe."

Zinalowadi, kuyambira matemba mpaka Kapitawo. Esinati anandiikira mutu wake m'mbale mwanga mwadala. Ndinadya mwachisoni, ndipo chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti anali wokoma.

Pamudzipo ndinakhala, mpunga ndinalima, ana tinabereka. Mwina mukuganiza kuti ndinaphunzirapo kanthu. Ndinaphunzira ndithu: mgolo uja unali wochepa. Ukanakhala wathunthu, ndi miyala yokwanira, Kapitawo akanasiya anzake. Ndimanenabe zimenezi mpaka lero, ndipo Esinati, imvi zili mbuu, amayankha osatukula mutu: "Gulani mgolowo, bambo. Koma mukagonemo nokha."