Mlandu wa Mabowo Anayi pa Nyali ya Pamsika

Kwa Bwana Mkulu wa Kampani Yowalitsa Misewu,

Wolemekezeka Bwana,

Ndine uja wokonza mawailesi pakona ya msika, amene mwamulembera kuti pofika Lachisanu atseke mabowo anayi amene anaboola pa nyali yanu, apo ayi benchi yake ichotsedwe. Kusukulu ya zamagetsi sindinapondeko, anandiphunzitsa ndi mashoko a magetsi, ndiye mukhululuke ngati mawu anga sanavale tayi.

Ndabwera kudzathokoza.

Choyamba, zikomo chifukwa cha nyali khumi ndi ziwiri za LED zimene munatipachikira. Mmene munazimatira ndi guluu, mvula silowa, fumbi sililowa, ngakhale nyerere imabwerera pakhomo. Kutentha nako sikutuluka. Munazipakanso penti yakuda kuti zizimwa dzuwa tsiku lonse. Nzeru zoterezi ine pandekha sindikanazipeza.

Chachiwiri, chikalata chanu chikuti LED sitentha. Ndinachiwerengera chikhatho changa chimene chinasupuka nditagwira imodzi mwa nyalizo, koma n'chosaphunzira ngati mwini wake, chinapitirizabe kutupa. LED imazizira kumaso, Bwana, moto wake uli kumsana. Kumsanako kumafuna chitsulo chamizeremizere chokoka kutentha n'kukutaya mumphepo. Inu munaikako pulasitiki, kaya chifukwa imaoneka bwino pachithunzi.

Chachitatu, nyali khumi ndi imodzi zinafa. Zinayamba kuphethira, kenako kuchita chikasu ngati diso la wodwala, kenako zii. Injiniya wanu anaziyang'ana ali m'galimoto n'kulemba kuti zikupumula. Uno ndi mwezi wachisanu zikupumulabe. Komatu zisanafe zinatigwirira ntchito. Alamu anga ometa tsitsi ankafunditsirapo madzi. Nkhuku ya mayi wogulitsa masamba inaikira mazira pamwamba pa nyali ya pakhoma n'kupita kokayenda, anapiye n'kuswa okha. Awiri anatuluka atapsa kale.

Tsopano mlandu wanga, ndipo sindikukana. Nyali yotsala ija itayamba kuphethira ndinakwiya. Ndinakwera, ndinaitsegula, ndinadula poto wakale wa aluminiyamu n'kumangirira kumsana kwake. Ndinaboola mabowo anayi kunsi, poti sindinaonepo mvula yogwa chokwera, n'kuikapo kaukonde kotchinga tizilombo. Ndi yokhayo imene ikuyaka, ndipo amayi apamsika amalongedzera katundu wawo pansi pake madzulo. Inu mwati ndawononga katundu wa kampani. Zoona: zinzake zonse zinafa mwadongosolo, iyi yokha yachita mwano chifukwa cha ine.

Benchi imeneyi ndiyo imadyetsa banja langa, choncho mabowowo nditseka, ngakhale ndikudziwa kuti nyaliyo sitha mwezi. Koma ife osaphunzira timamva ndi maso. Ndikupempha modzichepetsa kuti Lachinayi m'mawa mundilole ndifike kuofesi kwanu ndi guluu wangawanga. Ndidzamata mawindo, chitseko ndi kabowo ka kiyi, ndidzazula feni, denga ndidzalipaka penti yakuda, zonsezi mwaulere. Inu mudzakhale mkatimo mukugwira ntchito mpaka nthawi yoweruka.

Mukadzatuluka mukuwalabe, Bwana, makwerero mudzandigwirire ndinu, ndikatseke onse anayi.

Ine wanu wogwada mpaka mawondo kuchita zipsera,

Wokonza mawailesi wa pakona