Fomu ya Zione Pansi pa Mwendo wa Makina

Usiku wathawu ndalota zinthu, anzanga, zoti mpaka pano mutu sunakhazikike. Edesi, tayamba waika sizasiyo pansi. Nanunso a Nangozo, siketi ya eniakeyo sithawa, sendezani mpando mumve.

Nkhani ya Zione wanga mukuidziwa kale. Anthu a ku Sekondale ya Zaluso ya Kapirinjoti, ya boma ija imatenga ana ochokera m'maboma onse, anabwera kudzamvetsera a Sitandade 8 akuimba, ndipo m'zoni yathu yonse anasankha iyeyo. Anamupatsa fomu yoti kholo lisaine, yobweza lero lomwe lino pasanakwane 12 koloko. Ine ndinakanitsitsa. Mwana wanga ndikufuna adzakhale namwino, osati azidzazungulira ndi gitala ngati wosowa kwawo. Fomuyo ndinaipinda kanayi n'kuiponderetsa pansi pa mwendo wa makina angawa, uwu umagwederawu. Yakhala pamenepo sabata ziwiri, ndipo ndisaname, makina akhala akusoka bwino zedi.

Ndiye m'malotomo ndinali pompano pakhonde, dzuwa lili paliwombo, ndikusoka mpendero wa diresi la munthu. Mwadzidzidzi makina anatsokomola, n'kuyankhula ndi mawu a bambo wachikulire.

"Mayi Felesiya, ine ndatopa. Chipepala mwandiika kuphazichi chimaimba tsiku lonse, ndipo chimandigirigisha."

"Tasokani apa," ndinatero ine. "Ndinakugulirani chiyani, kuyankhula?"

"Kwerani, tikachibweze kwawo."

Ndiye ndinayamba kupalasa chopondera chija ngati njinga, makina n'kutuluka nane pamsika, kupitirira akabaza onse, ulusi ukutsalira m'mbuyo kukhala mzere woyera wa pamsewu. Panjira wapolisi anatiimitsa kuti aone laisensi ya makina, koma ali mkati mofunsa anasanduka khwangwala, n'kungopempha kuti ndimupanireko kolala yake yoyerayo. Ndinamuuza kuti abwere Lachinayi.

Mwadzidzidzi tinali pachipata cha sukulu. Pamtengo wamango panapachikidwa belu, chirimu cha galimoto chadzimbiri, ndipo linandipatsa moni ngati tinakulira limodzi.

"Simungalowe musanamve mbiri," linatero belulo. "Pano panali shedi ya fodya. Itatsekedwa, aphunzitsi a Mpinganjira analowamo ndi ana asanu ndi awiri, ng'oma imodzi ndi banjo ya chigubu cha mafuta. Anthu ankati apenga. Ndiye tsiku lina galimoto ya bwana wa zamaphunziro inatitimira m'matope pomwe mwaimapo, ana aja n'kuikankha akuimba mawu anayi. Bwanayo analetsa dalaivala kuliza injini mpaka nyimbo itatha, kenaka n'kulamula kuti galimoto aibwezere m'matope ayambirenso. Chaka chotsatira boma linaitenga sukuluyi. Ine ndine rimu ya galimoto yomweyo."

"Ndiye bwanayo anapita ndi mateyala atatu?"

"Mpaka kulikulu, akuimba besi."

Ndisanatsutse, anatulukira ahedi, bambo wamtali wa suti yakuda, dzina lawo a Namalomba. Anayamba bwinobwino, takulandirani mayi, khalani omasuka, koma mphuno inkangotalika, khosi likufiira, mpaka ndinazindikira kuti ndikugwirana chanza ndi chimbalame chija, nang'omba. Tayi yokha ndi imene inatsala. Anati ndiwatsatire, n'kumayenda patsogolo mwaulemu, mawu akugunda m'khosi kuti hu, hu-hu.

Ndiye tinafika kuchigawo cha magule. Ng'oma zinakhala mozungulira moto, zikuotha ngati anthu a pamaliro. Ine chizolowezi choyesa nsalu ndi chala, ndinagogoda yaikulu, ndipo inangoti phu ngati thumba la madeya.

"Mayi inu, ulemu!" inakalipa. "Ng'oma siimbidwa isanawambidwe. Timayamba taotha, atimate phula, kenaka ndiye mudzamve. Inuyo mukadzuka m'mawa mumayamba ndi kusoka suti?"

Ndinapepesa. Tangoganizani, ine Felesiya, amene sindinapepesepo kasitomala chiyambire ntchito ino, kugwadira ng'oma.

Mwadzidzidzi khoma linasanduka chitseko, tili m'kalasi ya zojambula. Ana makumi atatu ali phee ndi mapensulo, kutsogolo kabichi wakhala pampando atapingasa masamba, akudandaula kuti amujambule mbali yakumanzere chifukwa kumanja kunadyedwa ndi mbozi. Chipinda chotsatira chinali cha zisudzo, ndipo inali piriyodi ya kulira. Mtsikana wina analira mpaka kugubuduka, koma aphunzitsi awo, amene anali atasanduka kale bakha, anangopukusa mutu.

"Uko n'kulira kwa munthu amene waona kuti mpunga wa pamaliro ukutha. Yambiranso."

Apa ndinakwiya. "Mwaonatu!" ndinauza anang'omba aja. "Ana a eni mukuwaphunzitsa kulira ndi kujambula ndiwo. Masamu ali kuti?"

Amene anandiyankha ndi bolodi, ndipo linayankha mopsa mtima, fumbi la choko likutuluka. "M'mawa monse ndimasenza masamu, sayansi ndi Chingerezi mpaka msana kuwawa. Zaluso n'zamasana. Wolephera masamu pano ng'oma saigwira. Munafunsako musanakane?"

Sindinafunse, a Nangozo. Manyazi anandigwira, koma ndinangokonza duku n'kuyang'ana kudenga.

Ndiye kudengako kunali ofesi, ndipo tinakwera pamakwerero a mabatani. Paofesipo panakhala mlembi, mayi wa magalasi, patsogolo pake mulu wa mafomu. Anatambasula dzanja, makina anga n'kukweza mwendo ngati galu, fomu ija n'kutuluka yokha, yopindika kanayi, ikuimba chapansipansi. Mlembiyo anaiwongola, kuinunkhiza, ndevu n'kumera pachibwano. Pofika poti ayankhule inali mbuzi yathunthu, koma magalasi ali pompo.

"Yosasainidwa iyi," inatero mbuziyo. "Lamulo la pano ndi loti fomu yosasainidwa ikakwana 12 koloko timadya. Si nkhanza ayi, ndi nkhomaliro."

Wotchi ya pakhoma inaweramira pansi n'kundinong'oneza kuti kwatsala mphindi zisanu, ndipo siingachitire mwina chifukwa nayonso ndi ya boma.

Mwadzidzidzi ndinali m'holo, shedi ya fodya yakale ija, fungo lake likadalimo. Anthu anadzaza mpaka m'mawindo. Ng'oma zija zinali zitawambidwa tsopano, zikunjenjemera ndi changu. Kutsogolo kunakhala oweruza atatu, nang'omba, bakha ndi mbuzi ili ndi fomu pambale. Ndiye anaitana dzina, "Zione Chikaonda!"

Mwana wanga anatulukira atavala yunifolomu ya unamwino, yoyera mbee. Ndinaizindikira msanga kuti ndinasoka ndine, chifukwa mpendero wotero m'boma lino palibe wina amautha. Ndinanyada, ndisabise. Ndinayang'ana uku ndi uku kuti anthu aone ntchito. Ng'oma zinayamba, Zione n'kutsegula pakamwa, koma sipanatuluke kanthu. Anayesanso, misempha ya m'khosi kuima, osamveka ngakhale kamphepo. Ndiye anandiyang'ana pakati pa chikhamu chonsecho n'kuloza khosi lake.

"Amayi, kolala yathina."

"Singathine," ndinatero. "Ndinakuyeza ndekha."

Tepi yanga yoyezera, imene inali m'khosi mwangamu, inadzuka ngati njoka n'kundiyang'ana m'maso. "Munamuyeza ali Sitandade 3, mayi. Kuchokera pamenepo mumangosoka."

Edesi, usaseke, ine pamenepo mtima unandipweteka zenizeni. Ine amene ndimakalipira anthu obwera ndi muyeso wa chaka chatha, kusokera mwana wanga ndi muyeso wa zaka zisanu zapitazo! Ndinathamangira kutsogolo kuti ndisomole kolalayo, koma lezala linati lili patchuthi. Sizasi inati siidula ntchito ya abwana ake. Ndinayesa ndi mano, ulusi wake wolimba ngati waya, ndipo Zione anangoima chilili, osalira, osadandaula, akundiweramira kuti ndifikire bwino.

Ndiye ndinamva kumbuyo kuti khwasu, khwasu. Mbuzi yayamba kudya fomu, ndipo yayambira kumunsi, pomwe pamasaina kholo. Ndinakuwa kuti dikirani, ndisaina! Cholembera chinati inki wapita kumudzi. Ndinapisa m'thumba n'kupeza choko chosokera, ndinalumphira fomuyo, ine kukoka, mbuzi kukoka, ndinalemba chilembo choyamba chokha, choko n'kuthyoka. Mbuzi inkangotafuna, khwasu, khwasu, khwasu, ikundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Ndinadzidzimuka thukuta lili kamukamu, kunja kutayera kale. Khwasu, khwasu uja anali akumvekabe, ndipo ndinatenga kanthawi kuti ndizindikire kuti ndi tsache. Zione ankasesa pabwalo. Ndinagona chagada n'kumamvetsera, ndikudabwa kuti chalakwika n'chiyani, poti tsache ndi lomwe lija, bwalo lomwe lija. Mwana uja chiyambire kugwira tsache sanasesepo osaimba, mpaka ndinkachita kumukalipira kuti akudzutsa anthu. Lero linali tsache lokhalokha. Ndinawerenga m'mbuyo, n'kupeza kuti papita sabata ziwiri likulira lokha chonchi, ine osazindikira.

Ndiye musandiyang'ane ngati mwaona mzukwa. Edesi, gwira mbali iyo, a Nangozo mbali iyi, tikweze makinawa. Agwedere bwanji agwedere. Ndani ali ndi cholembera cholemba?