Sewero loletsa ukwati wa Ndaziona

M'mudzi wina, umene sindiutchula dzina poopa kusowa kopala moto, munali Komiti Yoteteza Ana yotchuka mpaka ku boma. Bungwe lina lachifundo linatipatsa tenti, mipando makumi asanu, chimkuzamawu, ndi matisheti olembedwa kuti "Mwana wa mnzako ngwako yemwe." Ine ndinali Mlembi Wamkulu, Wachiwiri kwa Wapampando, komanso Msungi wa Chimkuzamawu. Amati mutu umodzi susenza denga, koma wanga unasenza maudindo atatu osadandaula.

Tsiku lina kunabwera mtsikana wamasiye wa zaka khumi ndi zinayi, dzina lake Ndaziona. Anagwada n'kutiuza kuti amalume ake, a Chikakuda, amupezera mwamuna wogulitsa matabwa, ndipo akangokolola amusiyitsa sukulu.

"Ine ndikufuna ndilembe mayeso a Sitandade 8," anatero. "Chonde mukawalankhule."

Kukawalankhula a Chikakuda kunali kovuta. Nyumba yawo inali kutali ndithu, kuseri kwa tenti yathu, komanso ndi iwo amene ankatibwereka ngolo. Mwamwayi Wapampando wathu, mayi Nachanza, anali atachita maphunziro a masiku atatu kuhotela.

"Kuloza chala munthu mmodzi si chitukuko," anatero mayiwo. "Anatiuza kuti tiziphunzitsa mudzi wonse. Tipange sewero."

Tinaomba m'manja. Mkwatibwi wa m'sewero sitinavutike kumusaka, poti Ndaziona ankalira misozi yeniyeni popanda kumupaka anyezi. Ine ndinadzisankhira mbali ya ngwazi. Ng'oma zikafika pachimake ndinkatulukira ndi chimkuzamawu n'kukuwa kuti, "Imani! Uyu ndi mwana, malo ake ndi m'kalasi!" Vuto langa linali kuiwala nthawi yolowera, choncho mwanayo ankandinong'oneza ali m'kati mwa nsalu yophimba kumutu: "A Mlembi, apa m'pamene mumalowa."

Sewero linatchuka. Tinaonetsa pamsika, kutchalitchi, ngakhale kusukulu komwe Ndaziona ankajomba chifukwa chokonzekera sewerolo. A Chikakuda ankakhala kutsogolo, kuseka mpaka kutsokomola, ndipo wosewera mbali ya malume wankhanza anamubwereka jekete yawo. Ku boma tinatenga chikho, alendo a bungwe n'kujambula misozi ya mwanayo mbali zonse. Ukwati wa Ndaziona ndinauletsa kakhumi ndi kawiri, ndipo ndinayamba kuyenda ngati munthu wofunika.

Tili m'lole pochokera ku boma, Ndaziona anandifunsa, "Nanga amalume aja munawalankhula?"

"Uthenga aumva, mwanawe," ndinatero. "Sunawaone akuomba m'manja?"

Chimanga chitalowa m'nkhokwe, mayeso atatsala milungu iwiri, a Chikakuda anabwera kudzabwereka tenti, mipando ndi chimkuzamawu. Akuti kunali kamwambo kakang'ono ka pabanja. Komiti inakhala pansi mwaulemu wake. Lamulo linkati katunduyo ndi wothandizira mabanja amene ali ndi ana ovutika, ndipo kuti kwa a Chikakuda kunali mwana wovutika, ife tinali mboni. Tinabwereketsa. Popeza chimkuzamawu sichiyenda popanda msungi wake, anandipempha kuti ndikhale woyendetsa mwambo. Ndinachapa tisheti yanga.

Loweruka tenti inadzaza. Komiti yonse inakhala pamipando yakutsogolo, chifukwa mipandoyo inali yathu. Bambo wa matabwa uja anakhala pakati, imvi zili mbuu, ndipo pambali pake panali Ndaziona, ataphimbidwa ndi nsalu yomwe ija ya m'sewero, poti nayonso tinabwereketsa. Ndinene poyera: ndinamva manyazi, ndinamvanso mantha, ndipo a Chikakuda anali akundiyang'ana uku akumwetulira.

Ng'oma zinafika pachimake. Ndinali nditaima chapafupi, chimkuzamawu chili m'manja. Nsalu ija inagwedezeka pang'ono.

"A Mlembi," mawu aja ananong'ona, "apa m'pamene mumalowa."

Ndinakweza chimkuzamawu, anthu onse n'kutembenukira kwa ine. Ndinakonza pakhosi, n'kulengeza kuti mpunga wapsa, ayambe ndi akuchimuna.