Voti ya Kuseri kwa Chitenje

LOLEMBA

Zatheka! Komiti yavomera! Loweruka likubwerali tikusankha wapampando wa komiti ya chitukuko ya dera lathu kuno ku Masasa mu Mzuzu, ndipo tikuvota mwachinsinsi. Maganizo a ndani? Anga! Ine amene!

Zoima pamzere kumbuyo kwa munthu zija zatha. Ulendo wapitawo ndinaima kumbuyo kwa NyaMhango, ndiye mkazi wa amene analuza uja anatha miyezi isanu osandiyankha moni, chonsecho timatunga pampopi umodzi. Lero ndaimirira pamsonkhano, ndalankhula ngati ndili m'kalasi mwanga mwa Sitandade 6, mpaka a Kamanga, mlembi wathu, akuti, "Madam, yewo chomene, tamva, khalani pasi." Ntchito yokonza zonse andipatsa ine.

Malamulo anga:
- mapepala ofanana, odula m'kope limodzi
- bolopeni imodzi, aliyense kungochonga basi, poti zolemba za anthu ena timazidziwa
- katoni ya sopo yomata bwino, kabowo pamwamba
- chitenje chotchinga pakona
- tikangowerenga, mapepala onse pamoto pomwepo!

Lamulo lomaliza ndi la ine ndekha: sabata ino pakamwa panga ndi pokhoma. Voti yanga ndi ya NyaMhango, koma odziwa ndi Mulungu ndi kope lino. Mayi ameneyu akagwira chinthu amachimaliza, ndipo ife tikufuna mlatho. Matabwa awiri a pakamtsinje aja atiterereza kokwana. Mwezi wathawu ndinafika kusukulu matope mpaka m'chiuno, ana kumandipepesa uku akuseka.

Ndasangalala moti ndathira shuga kawiri mu tiyi mmodzi.

LACHIWIRI

Mayo ine! Bambo a Tiwonge akuima nawo!

Mwamuna wanga weniweni, wa m'nyumba muno. Akundiuza m'mawa uno uku akupukuta nsapato, nkhope ili ngwee. "Mama, nzeru yanu ija yanditsegula maso. Anthu amaima kumbuyo kwa NyaMhango chifukwa cha mantha. Sono pachinsinsi, muona mmene Chirwa amakondedwera!"

Ndiye kuti dzenje ndakumba ndekha, fosholo yanga yomwe.

Ndimawakonda bambowa, ndilembe poyera. Zaka zonsezi sanandikwezerepo mawu. Mvula ikagwa amandichingamira ndi ambulera mpaka kumsewu. Koma zinthu zimene anayamba pakhomo pano:
- khola la nkhuku, chaka chachitatu tsopano, nkhuku zikugonabe kukhitchini
- njinga yomwe anamasula kuti aone chikulira, ili m'thumba
- shelefu ya mabuku anga, thabwa limodzi ndi misomali inayi
- chitseko cha bafa, chongotsamira pakhoma, moti pakhomo pano timasamba tikuimba nyimbo kuti munthu adziwe kuti mkati muli mnzake

Ameneyu amange mlatho? Tidzawoloka pa mapulani!

Ndawayankha kuti, "Zabwino zonse, bambo." Si bodza. Ndikuwafuniradi zabwino zonse, kupatula mpando.

Oima tsopano ndi atatu: NyaMhango, a Msiska a golosale, ndi bambo a kunyumba kuno. Ndajambula mabokosi atatu papepala lililonse. La bambo a Tiwonge ndalikongoletsa kuposa enawo, mwina chikumbumtima chingandipepukire.

LACHITATU

Kampeni yayaka! Bambo avala jekete ya ukwati wathu, yosamangika mabatani, akuyenda khomo ndi khomo, kukwera ndi kutsika zitunda za Masasa mphepo ili kuwomba. Abwera ndi pepala la mayina. Ovota tilipo 43. Owalonjeza: 34!

Ndikumva kuti NyaMhango naye ali ndi 36. A Msiska 30. Mavoti a ku Masasa akuswana ngati mbira.

Izi sindinaziganizire. Kale munthu ankaopa kulonjeza chifukwa tsiku likafika ankaonekera pamzere. Pano aliyense akulonjeza aliyense, ndi manja awiri, mpaka kuperekeza mlendo kumsewu. Ine ndimati ndikubweretsa mtendere, osadziwa kuti ndikutsegula fakitale ya mabodza!

Chinanso: poti ndine mwini chinsinsi, anthu akubwera kudzandisungitsa zinsinsi zawo. Pampopi, pachigayo, pageti la sukulu. "Madam, musauze munthu, ine ni NyaMhango." Yemweyo dzina lake lili papepala la bambo, nambala 7! Mimba yanga yadzaza nkhani za eni, ndipo ine si munthu wozolowera kusunga mpweya.

Ndasuzumira papepala lija bambo ali kubafa, akuimba. Nambala wani ndi ine. Alemba ndi zilembo zikuluzikulu, atsindika mzere kunsi. Potuluka andipeza ndikuliyang'ana, akuti, "Inu sindikufunsani n'komwe, mama. Munthu safunsa mthunzi wake kuti ukupita kuti."

Ndalipinda pepalalo, ndawabwezera.

LACHINAYI

Pakamwa panga! Pakamwa panga! Bwanji sindinapamate ndi tepi yotsala pakatoni ija?

Ndili ku saluni kwa NyaGondwe kukaluka tsitsi la Loweruka, poti woyendetsa chisankho sangaime pamaso pa anthu mutu uli ngati chisa. NyaGondwe ndi uja wosakwatiwa, wa mikanda m'khosi, amene amaseka nthabwala za bambo a Tiwonge zisanafike n'kumapeto komwe. Akuluka, akuluka, kenako: "Madam, imwe muli na mwayi, simukuvutika kuganiza. Voti yanu ni ya adada."

Pamenepa munthu wanzeru amangomwetulira. Koma mphunzitsi akamva yankho lolakwa, lilime limadzuka lokha. "Ayi, NyaGondwe. Voti ndi chinsinsi, ngakhale kwa mwamuna wako."

Zala zaima m'mutu mwanga. Chowumitsira tsitsi chazimitsidwa. Azimayi anayi pabenchi atembenuka nthawi imodzi.

"Nadi? Zoona?" wafunsa NyaGondwe.

Ndiye m'malo mokhala chete ndikuti ndikonze. "Ndikungonena za lamulo. Komanso mlatho sufuna munthu wokoma mtima, ufuna munthu womaliza zinthu."

Basi. Ndadzimaliza ndekha, osasiya ntchito ya mawa.

NyaGondwe wayambiranso kuluka, koma akukoka mpaka nsidze zakwera. "A Chirwa ni munthu muweme chomene, wabwino zedi. Ena sadziwa mwayi wawo." Ndatuluka mutu ukugunda, maso osaphethira bwino. Tsitsi lokha ndi lokongola, ndisaname.

LACHISANU

Nkhani yawoloka kamtsinje, yakwera chitunda, yafika mpaka kutauni, osaterereka ngakhale kamodzi! Mmene ndikuimvera lero:
- Madam savotera amuna awo
- Madam akuti amuna awo ndi aulesi
- Madam ndi NyaMhango anapangana kalekale, chitenje chija n'chobisira chinyengo
- Madam akubwerera kwawo ku Dedza (izi ndazimva kwa mphunzitsi mnzanga, akundifunsa tsiku lonyamuka!)

Masana alamu anga, achemwali awo a bambo, atsika panjinga yamoto kuchokera ku Salisbury Lines, chikwama m'khwapa, moni wachidule. "Mulamu, kwanu ku Dedza mumatero? Mwamuna wako ngakhale aimire udindo wothamangitsa agalu, iwe umaima kumbuyo kwake!" Ndikuti ndiyankhe kuti zoima kumbuyo zinatha Lolemba, koma ndaluma lilime. Mochedwa ndi tsiku limodzi.

Ndiye bambo a Tiwonge atulukira pakhomo, jekete ili paphewa. Sanakalipe. Angoti, "Adumbu, mkazi wanga musamunamizire. Anthu ansanje akufuna kusokoneza kampeni. Uyu ndi nambala wani." Mpaka kuwaonetsa pepala.

Manyazi andigwira kuyambira kuphazi. Ndalowa kukhitchini, ndakhala pakati pa nkhuku, misozi ili lengelenge. Bwanji ndingowavotera? Voti imodzi n'chiyani? Koma ndikatseka maso ndikuona matabwa awiri aja, ndi amayi oyembekezera akuwoloka chokwawa.

Ndawerengera ngati mphunzitsi. Olonjeza 34. Tinene kuti theka ndi abodza, atsala 17. Tinene kuti enanso adwala chimfine, atsala 10. M'kati mwa mavoti khumi, ndani angaone kuti yanga mulibe? Palibe! Chinsinsi chindiphimba ngati bulangete.

Mtima wakhala pansi. Mawa ndi tsiku langa!

LOWERUKA

M'mawa. Kamvula kowaza, kuzizira kwa Mzuzu, koma anthu 43 onse abwera pashedi ya tchalitchi! Katoni ili patebulo, chitenje chamangidwa pakona, bolopeni yamangiriridwa ku ulusi. Zonse zikuyenda ngati mayeso a boma! Munthu kulowa, kuchonga, kupinda, kuponya. Palibe woyang'ana mnzake ndi diso lofiira. A Kamanga akuti, "Madam, ichi ndiye chitukuko." Ndikumva kutalika!

Nthawi yanga. Kuseri kwa chitenje kuli zii. Bolopeni yazungulira kawiri pamwamba pa bokosi lokongola lija. Ndapempha chikhululukiro chamumtima, ndachonga NyaMhango, ndapinda kanayi. Potuluka bambo akundimwetulira, akundikwezera chala chachikulu.

Kuwerenga. A Kamanga akutulutsa limodzilimodzi, akuwerenga mokweza. NyaMhango. NyaMhango. Msiska. NyaMhango. Ine ndikudikira khumi aja. NyaMhango. Msiska. Bambo akuwongola jekete. NyaMhango, NyaMhango, NyaMhango. Katoni ikupepuka, thukuta likundituluka m'nyengo yozizira chonchi. "Chirwa!" Eya, ayamba! Kenako NyaMhango. Msiska. A Kamanga agwedeza katoni chozondotsa.

NyaMhango 31. A Msiska 11. Bambo a Tiwonge 1.

Imodzi! Abale inu, imodzi! Anthu 34 aja ali pomwepa, akuyang'ana kudenga ngati malata ayamba kudontha. Bulangete langa lija latsala kansalu kopukutira mphuno. Voti imodzi ndi ya mwini wake. Ngakhale mwana wa Sitandade 1 angawerengere kuti nambala wani sanaponye.

Machesi ndayatsa ndine, poti ndi lamulo langa. Mapepala apsa bwinobwino.

Bambo agwira NyaMhango chanza ndi manja awiri, amufunira zabwino, anyamuka. Ine pambuyo ndi katoni yopanda kanthu. Pamatabwa paja aima, andigwira dzanja kuti ndiwoloke. Bola akanandikalipira! Madzulo adya pang'ono, akungondiyang'ana, maso onyowa. Mawu okawapepesera ndayeserera kasanu kukhitchini. Nkhuku zokha ndi zomwe zamva.

LAMULUNGU

Ndadzidzimuka ndi kugogoda kuseri kwa nyumba. Hamala! Ndikusuzumira pawindo: bambo a Tiwonge akukhoma chitseko cha bafa!

Kenako alowa ndi tiyi pathireyi, akhala m'mphepete mwa bedi. Ine ndatsegula kale pakamwa kuti ndiulule, koma andiyambirira.

"Mama, ndili ndi choulula. Dzulo kuseri kwa chitenje kuja mantha anandigwira. Ndinaganiza za mlatho, simenti, misonkhano, ndinati Chirwa, ukawina utani? Ndinavotera NyaMhango." Apukuta m'maso. "Sono voti imodzi ija ndikuidziwa mwini wake. Masasa yonse inandithawa, inu nokha munaima nane. Yewo chomene, nambala wani."

Ndatseka pakamwa. Koyamba sabata yonse ino, patsekeka pokha.

Ndapulumuka! Ndamwa tiyi, ndayamika Mulungu, mpaka pakati pa kapu. Pamenepo m'pamene funso landiluma. Ngati si iwo, ndipo si ine, ndiye ndani?

Ku Masasa kuno kuli munthu amene analowa kuseri kwa chitenje changa, n'kutenga bolopeni yanga, n'kusankha mwamuna wanga, payekhapayekha, popanda womukakamiza!

Ulaliki wa lero sindinamvepo kanthu. Ndimangowerenga mitu ya azimayi. Potuluka, NyaGondwe wagwira dzanja la bambo ndi manja awiri, "Phepani chomene, adada," ndipo sakulisiya msanga. Ndamukokera pambali, ndikuseka kaseko kabodza. "Kodi inu dzulo munaponya kuti?"

Wandiyang'ana kuyambira tsitsi lomwe analuka yekha mpaka kunsapato. "Madam, voti ni chinsinsi. Munatiphunzitsa ndimwe."

Pobwerera ndadzera kushedi kuja. Phulusa linapita ndi mvula. Ngakhale likanakhalapo, bolopeni inali imodzi, aliyense anangochonga. Malamulo abwino zedi. Ndinawakonza ndine.

Kufunsa bambo sindingathe. Kufufuza poyera sindingathe, poti wofufuza voti imeneyi ndiye kuti si yake. Alamu, atamva kwa bambo za voti ija, aimba foni kupepesa, akuti ndine mkazi wa chitsanzo, abwera ndi nsomba za ku Nkhata Bay. Ndidya. Voti ya eni ndailandira, ndiisunga mpaka kumanda, ndipo tsitsi ndizikalukira ku Nkhorongo ngakhale kuli kutali.

Chitseko chili ndi hinji imodzi, inayo akuti mawa. Komabe chikutsekeka. Ndalowa, ndakoka, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zitatu ndasamba osaimba.