Mlamu Wanga Ambros ndi Duwa Loyera la pa Manda

A Ambros Zangerl, mlamu wanga, Mulungu awalandire ngati malo alipo, ankadziwa mtundu umodzi wokha padziko lapansi: buluu. Osati wa mlengalenga kapena wa malaya, iyayi. Buluu wa enziani, kaduwa kathu ka m'phiri kaja kotuluka chipale chofewa cha nyengo yozizira chikangosungunuka, kokhala pansi penipeni ngati kalipenga kogwera mu udzu. Anthu m'chigwa muno akuti anali munthu wosangalatsa. Ine ndinakwatiwa ndi mng'ono wawo, ndiye musandiuze kanthu.

Kuyambira Meyi ankaswera kumsipu wakumtunda, ndodo kumanja. Mlendo akangowerama kuti athyole, ndodo inali itafika kale pachala. Ngakhale bambo mfumu anaiona. Anathyola maluwa atatu okha oti akaike kwa Amayi Maria, a Ambros n'kuwalondola mpaka paguwa, kukafunsa kuti tchimo limeneli akalapa kwa yani, poti wolapitsa ndi iwo omwe.

Kusitolo kwa a Kreszenz anachita kuletsedwa kulowa. Mabotolo a kachasu wa enziani amajambulapo duwa labuluu, chonsecho kachasuyo amatcheza ndi mizu ya enziani wachikasu, wamtali uja. A Ambros ati limenelo ndi bodza lomata ndi ulimbo, ndipo anapala mapepala a mabotolo khumi ndi mpeni. Atawathamangitsa, anangoima pakhomo n'kumauza aliyense wotuluka kuti wagula bodza. Mudzi wonse unkaseka. Nanenso ndinkaseka, nthawi imeneyo.

Mwana wanga Kassian anakagwira ntchito ku Alaska, n'kubwerako ndi mkazi, Darlene. Kamdzukulu kanga Vroni kanabadwira kuno. Kenako chipale chinagumuka m'phiri n'kumukwirira Kassian. Abale a Darlene anayamba kumuitana kuti abwerere kwawo, ndipo ine ndinadziwa kuti akapita, apita ndi Vroni, ine nditsala ndi zipupa.

Darlene anali ndi njere za enziani wakwawo. Anazifesa pamanda a mwamuna wake, nati, “Amayi, duwali likagwira pano, nanenso ndikhala.” Zaka zinayi tikudikira. Linaphuka mu Ogasiti: loyera, la mizere yofiirira, masamba ake oonda ngati udzu, maluwa awiri paphesi limodzi.

A Ambros anamva. Anafika kumanda ali wefuwefu, n'kumupeza Darlene ali pomwepo.

“Mayi, chimenechi n'chiyani?”

“Enziani wakwathu, bambo.”

“Enziani wa mu Ogasiti? Anzake anaphuka kalekale, iye anali kuti? Wathu amaima yekha paphesi, sachita kubisala kumbuyo kwa mnzake. Uyu ndi wathu yemwe, koma wadwala. Taonani nkhope, ngati watuluka m'chipatala.”

Ati njuchi zitenga matendawo n'kukwera nawo kumsipu, chaka chamawa phiri lonse lidzatuwa. Darlene anabwera ndi buku, kuwaonetsa kuti ndi mitundu iwiri, wina wa mapiri athu, wina wa kumayiko ozizira akumpoto. Iwo anayang'ana chithunzicho n'kunena kuti osindikiza bukulo inki inawathera. Munthu wotere mungamutani?

Lamulungu, Misa itatha, anakalizula ndi mizu yomwe, n'kukaliponya m'moto kwawo. Pamalopo anadzalapo abuluu amene anakumba okha m'phiri, iwo omwe aja okwapula anthu chifukwa cha duwa limodzi. Kenako anabwera kunyumba kwanga, matope ali m'mawondo, kudzatiuza monyadira kuti manda a mwana awakonza.

Darlene sanalire, sanatukwane. Anangoti zikomo. Seputembala asanathe anali atanyamuka, Vroni ali kudzanja.

Ine ndiye ndinawatukwana a Ambros. Zaka zisanu ndi ziwiri, m'mawa uliwonse, pazenera. Mfiti, chitsiru cha m'phiri, wakuba wa kumanda, ndi mayina ena amene sindingalembe pano. Njira yopita kumsipu ilipo ina yachidule, koma iwo ankadzera pakhomo panga penipeni. Ankaima, kuvula chipewa, kudikira nditamaliza, n'kufunsa ngati zatha. Ndikati zatha, ankavala chipewa n'kumapita. Ndinkadana nawo kuchokera pansi pa mtima, ndipo sindikubisa.

Anamwalira mu Marichi, chipale chisanasungunuke. Pamaliro anthu anasimba za bambo mfumu ndi za mabotolo, kuseka mpaka misozi. Tsopano alendo amatsika m'phiri maluwa ali m'zipewa, palibe wowafunsa. A Kreszenz akuti pakhomo pa sitolo pakuchita kuzizira.

Koma pali chimene mudzi sudziwa. Lamulungu lija ine ndinali pakhomo la tchalitchi. Ndinawaona akugwada pamanda paja, mapazi khumi okha kuchokera pamene ndinaima. Ndikanangoti “Alamu!” akanasiya. Ndinakhala chete, chifukwa nanenso mumtima ndinkafuna buluu pamanda a mwana wanga. Iwo anatukula mutu, maso athu anakumana. Zaka zonsezo, ndikuwatukwana pamaso pa anthu, sanauzeko munthu ngakhale mmodzi kuti ine ndinalipo.

Masiku ano ndikatsegula zenera m'mawa, mawu aja amabwerabe okha pakamwa. Koma pamsewu palibe wowalandira, ndiye amangobwerera kwa mwini wake.