Utoto Woyezera Mwera

Lolemba
Mwera wasasula denga kachiwiri. Fundi akukhoma malata atsopano Loweruka, ndipo asanakwere ndikufuna kudziwa pamene mphepo imakoka kwambiri. Mwana wanga Zione, amene amayeza mapiko a ndege kunja, anatumiza kabotolo ka utoto wapadera. Ukauunika umawala: pamene mpweya ukupanikiza umazilala, pamene ukukoka umawala kwambiri. Ndakhoma kanyumba ka pulayiwudi koyeserera. Zofunika: fani, tochi yoonera ndalama zabodza, mabulangete otseka mawindo.

Lachiwiri
Zione akuti pansi pa utotowo pakhale poyera, kuti kuwala kubwerere ku kamera. Penti yoyera ndaisowa pa Boma ponse. Ndapaka laimu. Laimu wamwa utoto ngati mchenga. Theka la botolo, lapita!

Lachitatu
Ndapala laimuyo, ndatsala ndi mpata umodzi. Afika alamu anga, opaka maboti ku Chia. Asuzumira m'botolo: "Amubera mwanayu, alamu. Awa ndi madzi otsukira mpunga." Ndafotokoza modekha, ndajambula ndi papepala pomwe. Avomera mwaulemu. Anthu ovomera msanga ndimawaopa.

Lachinayi
Ndibwera kumsika, ndipeza alamu athira m'botolomo ufa wofiira wopaka pansi pa nyumba, masupuni awiri, apaka kanyumba konse. "Tsopano ndi penti. Musavutike kuthokoza." Ndatseka mawindo, ndaunika. Bii! Ufawo ukumeza kuwala konse. Kanyumba kakuoneka ngati chiwindi.

Lachisanu
M'chivundikiro mwatsala kadontho kosaipitsidwa. Ndapaka pakona imodzi, ndayatsa fani. Kakuwala, ndipo pali chizindikiro! Ndatumiza chithunzi. Yankho: "Adadi, chimenecho ndi chala chanu. Utotowu umamvanso kutentha. Komanso fani ya m'chipinda?" Kenako tinkhope toseka tisanu ndi tiwiri. Ndawerenga.

Loweruka
Fundi ali pamakwerero, misomali kukamwa: "Aphunzitsi, sayansi yati tikhome pati?" Ndati kafukufuku akupitirira. Anyambita chala, achiimika m'mwamba, aloza kona yakumwera. Misomali iwiriiwiri, waya pamtanda uliwonse. Umboni: palibe. Alamu akumugwirira makwerero, onse awiri akukamba za ine ngati wodwala.

Lamulungu
Mwera wayamba m'mawa. Malata akulira, ndipo sindikudziwa ngati agwira. Fundi nayenso sakudziwa, koma iye sizikumusowetsa mtendere. Nditabwera kutchalitchi ndakwera ndekha, ndasanjika matayala anayi akutha padenga, monga achitira aliyense mumzere wathu uno. Mayi a Zione andifunsa kuti ndinawerenga m'buku liti. Ndawapempha agwire makwerero.